Phula Lakuda pa Phazi la Apongozi

Ndinakwatiwa ku Mwase, dera la ku Lundazi kutsidya kwa malire, kuchokera kwathu ku Kasungu, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaphunzira pamudzi wa amuna anga ndi kutalikirana ndi apongozi aamuna. Kwathunso ulemu umenewu ulipo, koma kuno ndinaupeza wothina. Mkamwana, ndiye mmene Atumbuka amatchulira mkazi wa mwana wawo, sakhala pamphasa imodzi ndi apongozi ake, sawayang'ana m'maso, ndipo m'chipinda mwawo sapondamo. Ukakhala ndi mawu umagwada chapatali n'kuuza munthu wina kuti akaperekere, ngakhale eni akewo akumva okha. Kwa ine zinali zowawa chifukwa ndine munthu wa mafunso. Pamsika wa Lundazi, pamene ndimagulitsa mafuta ophikira omanga m'timapulasitiki, anzanga amandinena kuti ndinaphonya ntchito, ndimayenera kukhala wapolisi.

Tsoka lake, munthu amene ndinkafunitsitsa kumufunsa zinthu anali yemweyo woletsedwayo. Apongozi anga ankalima fodya ndi mtedza ngati wina aliyense, koma mtima wawo unali pa njuchi. Anali ndi ming'oma ya makungwa m'mitengo ya kuthengo, ndipo ngakhale imvi zinali mbuu ankakwera okha. Achinyamata ankawakana, akuti amachita phuma, njuchi sizifuna munthu wa phuma.

Tsiku lina anabwera kofula uchi atanyamula kanthu m'tsamba, n'kuitana amuna anga. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, khosi litatalika. Anali buluzi wouma, wokutidwa yense ndi phula lakuda lija njuchi zimamatira ming'alu ya mng'oma. Si phula loyera la m'zisa ayi, ili ndi lonanda ngati utomoni, lonunkhira makungwa. Apongozi anafotokoza kuti buluziyo analowa mumng'oma, njuchi zinamuluma mpaka kufa, ndipo polephera kumutulutsa zinangomumata. Anamupereka kwa amuna anga kuti anunkhize. Panalibe fungo la chowola ngakhale pang'ono. Ndinakhala masiku ndikuganiza za buluzi ameneyu, ndipo sindinadziwe kuti apongozi nawonso anamusunga m'mutu.

Chilonda chinabwera mvula ili pafupi kutha. Apongozi ankadula mitengo yokonzera chigafa cha fodya ndipo anaponda chitsa chosongoka, chinaboola nsapato n'kulowa pansi pa phazi. Anali ndi matenda a shuga, a kukiliniki anali atawauza kale, ndiye chilondacho sichinafune kuuma. Analandira mapiritsi, chinakhala ngati chikupola, kenako chinayambiranso kutulutsa mafinya. Anamwino anawauza kuti apite ku chipatala cha ku boma asanachedwe. Iwo anavomera ndi mutu, atafika kunyumba anakana kwamtuwagalu. Mnzawo wina wa kutchalitchi anapita kumeneko ndi chilonda n'kubwerako wopanda mwendo, ndipo munthu wopanda mwendo sakwera mumtengo.

Ndi pamene anakumbukira buluzi. Anati ngati phula lija linaletsa buluzi kuwola, lingalephere bwanji phazi la munthu? Anayamba kulifewetsa pamoto n'kumata chilonda chonse mosamala, mofanana ndi mmene njuchi zimatsekera mng'alu, osasiya mpata ngakhale wolowa nyerere. Apongozi aakazi anali atamwalira kale, choncho omanga nsanza anali amuna anga, munthu amene chibadwire sanayankhepo bambo ake kuti ayi. Ine ndinapatsidwa ntchito yanga kudzera mwa iwo: ndiziwiritsa phulalo kuti madzi ake apongozi azimwa komanso azitsukira mwendo.

Kuno mankhwala timawadziwa ndi mtundu wa madzi. Ukawiritsa makungwa a muwawani madzi amada n'kuwawa, ndiye umadziwa kuti mphamvu yatuluka. Koma phula ili linandichititsa manyazi. Linkasungunuka bwinobwino, n'kuyandama pamwamba, poto akazizira linkakakamira m'mbali, madzi ali mbee, mwina kachikasu pang'ono chabe. Ndikapereka kapu, yankho linkabwera lomwelo: "Muuzeni mkamwana awonjezere nkhuni." Ndinawonjezera nkhuni mpaka mulu wa kuseri kwa khitchini unatha. Ndinayesa kulisinja litauma, linangomata mtondo. Ndinathira mchere, ndinathira chidulo, osatheka. Poto wanga wabwino amene ndinagula ku Kasungu anasanduka wakuda m'kati. Ndinkakwiya, komanso kunena zoona ndinkachita nalo chidwi. Shuga amalowa m'madzi, mchere umalowa, ngakhale dothi limadetsa madzi. Ili linkakana chiyani?

Wondiyankha anali mlamu wanga, chitsiriza m'banja la amuna anga, amene ankaphunzira za mankhwala ku yunivesite ku Lusaka. Amuna anga anamuimbira foni kuti adada ali ndi kachilonda, mawu ake amenewo, kachilonda. Mlamuyo anatsika minibasi masana dzuwa likuswa mtengo, anakapereka moni kwa bambo ake, ndipo potuluka anandipeza ndikupala poto ndi supuni, n'kundifunsa m'chinyanja chake cha ku Lusaka.

"Mulamu, muchita chani na poto iyo?"

Ndinamuuza zonse, ndi za chidulo zomwe. Anaseka mpaka anakhala pansi. Iye anali asanaone phazi, bambo ake anali atalifunditsa bulangete.

"Olo muphike mpaka Khisimasi, siizangena mu madzi iyo. Manje munafunsa ndani? Ine ndiye nchito yanga yamene iyi."

Ndinasiya kupala poto. Ndinkamuona akamabwera patchuthi akupempha timibulu ta phulalo kwa bambo ake, koma ndinkayesa ndi zodzola za atsikana a m'tauni. Zoona zake n'zakuti ankakaphunzira nalo. Anandiuza kuti muphulamo mulidi zinthu zimene zimapha mabakiteriya, tizilombo tija timaoletsa zilonda, ndipo bambo ake pamenepo sananame. Vuto n'lakuti zinthuzo zimadana ndi madzi. Kenako anandituma kachasu pang'ono. Pakhomo pathu ndi pa anthu opemphera, choncho ndinapita kwa mayi wina wa kuseri kwa dambo n'kubwera nako kabotolo nditabisa m'chitenje, ndikupemphera kuti ndisakumane ndi amayi a chigwirizano.

Mlamu anaponya kambulu ka phula m'kachasumo n'kumakhutchumula. Pang'ono ndi pang'ono kachasu anasanduka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinawomba m'manja, ndinati basi tapeza. Iye anati ndidikire, ndipo anathira pang'ono m'tambula ya madzi. Madzi anachita mtambo nthawi yomweyo, ndipo posakhalitsa phula linayamba kugwirana timibulu n'kumamatira m'mbali mwa tambula. Linali labwereranso pakale.

"Mwaona? Thupi ya munthu ni madzi, mulamu. Chilonda ni madzi. Ikafika mu madzi igwilana yeka yeka, siyenda kufika kwamene kuli tudoyo."

Tudoyo ndiye tizilombo tija. Ndinafunsa kuti nanga iwo kusukuluko amatani. Anatsegula chikwama n'kutulutsa kabotolo kakang'ono kokulunga m'thonje. Munali timadzi toyererako ngati madzi otsukira mpunga. Anati limenelo ndi phula la adada lomwelo. Ndinakapendeketsa, ndinakayang'anitsa padzuwa, panalibe kambulu ngakhale kamodzi, panalibe chomata galasi.

Pondifotokozera anagwiritsa ntchito malonda anga. Anati ndikamagulitsa mafuta sindithira m'manja mwa kasitomala, ndimamanga pang'onopang'ono m'timapulasitiki, ndipo kapulasitiki kamatha kuyenda m'basiketi limodzi ndi tomato ndi ufa popanda kudetsa kanthu. Iwonso amamanga phula m'timatumba. Chomangiracho amati polima, ndipo chimene iye ankagwiritsa ntchito chinkachokera ku zigoba za nkhanu. Kunja kwake kamagwirizana ndi madzi, m'kati kamasunga phula, ndipo kakafika m'thupi kamatha pang'onopang'ono n'kumatulutsa mankhwala. Ndinafunsa kuti amamanga ndi chiyani, poti ine zala zimandipweteka ndi timapulasitiki tanga. Anaseka, nati palibe amene amamanga, amadonthetsera phula losungunula m'madzi a polima makina akutakasa, timatumbato timadzimanga tokha. Ndinafunsa kukula kwake. Anazula tsitsi limodzi kumutu kwake n'kunena kuti m'mimba mwa tsitsilo tikhoza kundandalika mazanamazana.

Mutu unandiima. Ndinafunsa kuti nanga amadziwa bwanji kuti tilipodi ngati satiwona, kapena aphunzitsi awo amangowanamiza? Anati pali makina oyezera, ndipo anandionetsa chithunzi pafoni, timadontho totuwa tambirimbiri. Anandionetsanso china, kambale kagalasi kodzaza ndi zoterera zachikasu, pakati pake pali bwalo loyera. Zachikasuzo anali mabakiteriya amene amawaweta dala, ndipo bwalolo ndi pamene anadonthezapo timadzi take. Kuweta tizilombo! Ndinamufunsa ngati amatipatsanso madeya. Tinaseka tonse, ndipo masana amenewo ndinasangalala kwambiri, ndisabise. Kwa nthawi yoyamba pamudzi uja mafunso anga anapeza wowayankha.

Chimene sitinachione n'chakuti amuna anga anali ataima pakhomo la khitchini. Anamva mawu awiri okha, phula ndi kupha tizilombo, n'kuthamangira kwa bambo awo ndi uthenga wabwino. Posachedwa mlamu anaitanidwa. Ine ndinakagwada panja pafupi ndi chitseko, malo anga a masiku onse.

"Nipase botolo ilo, mwana wane," anatero apongozi.

"Adada, si mankhwala iyi. Tikali kuyesa. Nabweletsa chabe kuti muone vamene phula yanu yakhala."

"Ukuti imapha tizilombo?"

"Mu mbale, adada. Pa munthu sitinayesepo, olo pa mbeba."

"Yesa pa ine. Phula ndi langa, mwendo ndi wanga."

Mlamu anawapempha kuti aone kaye phazi. Ndinamva bulangete likufundukulidwa. Atayankhulanso mawu ake anali ena, kuseka konse kuja kutathawa. Anati mawa lomwe apite ku boma. Apongozi anati apita akathira kaye za m'botololo n'kuona masiku angapo. Iye anati iyayi. Sindinamvepo mwana wa m'nyumba imeneyo akunena mawu amenewo kwa bambo ake, ndipo ngakhale nkhuku pabwalo zinakhala ngati zamva. Apongozi anati ngati mwana wawo weniweni akuwamana mankhwala, ndiye akhala ndi phula lawo, ndipo anatembenukira kukhoma.

Ndinamupeza mlamu akulira kuseri kwa khitchini, kabotolo kali m'manja. Ndinamumvera chisoni, komabe nanenso ndinali ndi funso lomwelo. Ndinati mlamu, bwanji osangowadonthezera pang'ono mtima wawo ukhale pansi, chingalakwike n'chiyani? Anapukuta m'maso n'kunena kuti sakudziwa muyezo wake, sakudziwa ngati timadzito tili toyera mokwanira kulowa pachilonda, sakudziwa chimene tingachite pamnofu wamoyo. Koma chachikulu, anati, akawapatsa adikiranso sabata kuti aone ngati zikugwira, ndipo phazi limene waliona lilibe sabata. Ananong'oneza bondo kuti anabweretseranji kabotoloko. Anali atakanyamula mwachimwemwe, ngati mwana wopita kukaonetsa kholo zotsatira za mayeso.

Kutacha apongozi sanadye. Thupi linali litatentha, ndipo fungo linkafika pakhonde ngakhale chitseko chinali chotseka. Ntchentche zinadzaza pazenera. Mlamu analowa, anamubweza ndi mawu amodzi. Amuna anga anakhala pachitsa pabwalo atagwira kumutu, ndipo nditawauza kuti achitepo kanthu anati adada anena kale. Ndinawayang'ana bambo wamkulu wandevu zake, ndipo mtima unandipsa. Ndinkawakonda apongozi aja ngakhale tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso. Uchi woyamba wa chaka ankatumiza kwa ine, akuti wa mkamwana. Sindikanatha kukhala panja n'kumamva fungo lawo likukula.

Ndinatenga beseni la madzi ofunda ndi nsalu yoyera n'kukankha chitseko. Amuna anga anaimirira n'kundiitana, sindinacheuke. M'chipindamo ndinali ndisanalowemo chikwatiwire. Munali mdima pang'ono, pakhoma papachikidwa chipewa chawo ndi nkhwangwa yaing'ono yosemera ming'oma. Apongozi atandiona anadzidzimuka n'kukoka bulangete mpaka pachibwano.

"Mkamwana! Mwasochera?"

"Sindinasochere, adada. Pepani. Mundilipitse mbuzi pambuyo pake, koma lero ndiona phazi."

Ndinagwada kumiyendo n'kumasula nsanza. Phula linali litamatidwa bwino zedi, losalala, ntchito ya katswiri. Koma m'mbali mwake khungu linali lakuda, ndipo kutupa kunali kutadutsa pakakolo. Ndinanyowetsa nsalu n'kuyamba kumatula m'mphepete. Litangosuntha, mafinya amene anatsekeredwa m'kati anatuluka onse nthawi imodzi. Sindifotokoza zambiri. Ndinaluma mano kuti ndisasanze pamaso pawo. Iwo anadzuka ndi zigongono n'kuyang'ana, chifukwa pansi pa phazi lako suonapo bwino, ndipo masiku onsewa ankangoona phula lawo lokongola pamwamba.

"Adada," ndinatero, maso anga ali pabeseni, "ine buluzi uja ndinamuona, ndinali kuseri kwa nkhokwe. Sananunkhe, n'zoona. Koma njuchi zinamumata atafa kale. Sizinkamuchiritsa, zinkangofuna kuti asawonongere uchi. Inu mukufuna tikusungeni chomwecho?"

Ndinadikira kuti andikalipire. Sanatero. Anayang'ana phazi nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine, m'maso mwenimweni, koyamba. Anafunsa ngati ng'ombe zapita kale kudambo. Amuna anga, amene anali atafika pakhomo, anati zikadali m'khola. Apongozi anati amange ngolo.

Tinawanyamula pangolo mpaka kumsewu waukulu, pamenepo tinakwera minibasi. Kondakitala atamva fungo anafuna kuyankhula, koma ataona nkhope ya mlamu anangotsegula mawindo. Njira yonse apongozi sanamuyang'ane mwana wawo, ngakhale mwendo wawo unali pamiyendo pake.

Kuchipatala anawalandira msanga. Anawaika madiripu, anatsuka, anayesa mankhwala amphamvu. Adokotala anatiuza mosabisa kuti kuwola kwafika pafupa ndipo kukukwera, akachedwa tiluza munthu yense. Apongozi anasaina okha chilolezo, sanalole kuti wina awagwirire cholembera. Anadula mwendo m'munsi mwa bondo.

Atatsitsimuka tsiku lotsatira tinali pambali pa bedi, ine ndi mlamu, amuna anga atapita kukagula zipatso kumsika. Inali nthawi ya masana yoonera odwala, wodi yodzaza ndi anthu ndi mabasiketi. Ine mwachizolowezi ndinafuna kukhala pansi chapatali, koma anandikodola ndi dzanja kuti ndikhale pabenchi pafupi nawo. Anamwa madzi pang'ono. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, mawu ali otsika.

"Undiuze zoona. Ukanandithira timadzi tako tija tsiku loyamba ndaponda chitsa, mwendo ukanakhalapo?"

 Inenso funso limeneli linkandidya, ndipo ndinkalakalaka anene kuti ayi, madala apumule, iyenso apumule. Akanatha kunena chomwecho, palibe amene akanamutsutsa. 

"Nkhumanya yayi, adada," anayankha m'Chitumbuka cha kwawo, chinyanja cha ku Lusaka chitamuthawa. "Sindikudziwa. Kapena inde, kapena ayi. Palibe amene akudziwa pakali pano."

Apongozi anatseka maso. Msozi unatsika n'kulowa m'khutu, sanaupukute. Ndinaganiza kuti akwiyanso, koma dzanja lawo linafufuza pabulangete mpaka linapeza la mwana wawo.

"Ukadzadziwa," anatero, "uyambe kuuza ine."

Mlamu anavomera ndi mutu. Patapita kanthawi apongozi anati akumva kuzizira kuphazi, ndipo anandipempha, ine mkamwana, kuti ndiwafunditse bwino. Ndinaimirira n'kukoka bulangete, ndipo manja anga anatsetsereka okha kupita kumapeto kwa bedi kuti akapindire pansi pa mapazi awiri. Mbali imodzi anapeza phazi lofunda. Mbali inayo anangofika pamatiresi, ndipo ndinapindirabe bulangetelo pomwepo chifukwa ndi kumene ankati kukuzizira.